Carcinoid ya m'mapapo yachotsedwa, nanga masikani azikhala kangati ndipo mpaka liti?

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Mabvuku, ku Harare. Alemba kuti: "Adokotala, abambo akunyumba ali ndi zaka 44 ndipo sanasutepo fodya. Anakhosomola chaka chathunthu, nthawi zina magazi, anamwa mankhwala a TB miyezi 6 osasintha mpaka anadzapeza chotupa m'phapo lakumanja. Opaleshoni inachitika miyezi 7 yapitayo, anachotsa chigawo chimodzi cha phapo, akuti ndi carcinoid. Anatiuza kuti chemo sikufunika koma azipanga CT scan. Panopa ali bwinobwino, anabwerera kuntchito. Sikaniyo ndi madola ambiri ndipo medical aid tilibe. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti CT ndi yachikale, tizipita kumeneko kukapanga PET chaka chilichonse. Tichite ziti? X-ray siingakwane? Nanga zimenezi zidzatha liti?"

Zikomo mayi polemba, ndipo pepani ndi chaka chonse chija munavutika musanadziwe chenicheni. Zomwa mankhwala a TB pamene vuto lili carcinoid, mtundu wa khansa yokula mochedwa, si zachilendo kuno kwathu, chifukwa chotupachi chimakonda kumera mkati mwenimweni mwa njira ya mpweya, chikatseka njirayo munthu amakhosomola, amalavula magazi, chibayo chimangobwerabwera mbali imodzimodzi, nde aliyense maganizo amathamangira ku chifuwa chachikulu. Bola chinapezeka ndipo chinachoka.

Ndikuuzeni kaye pamene ine ndaima. X-ray yokha siikwana. Sikani ya PET ya chaka ndi chaka siikufunika, ndalama imeneyo musaitaye. Chimene abambo akufunika ndi masikani a CT ochepa, otalikirana, koma osasiya kwa zaka zambiri, zosachepera 10, ndipo sikani iliyonse izionanso chiwindi osati chifuwa chokha. Tsono kuti azikhala kangati, yankho lake muli nalo kale m'nyumba mwanu kapena mu fayilo yakuchipatala, pa pepala limodzi lotchedwa histology report, lija analemba amene anayeza chotupacho pa maikulosikopu. Ngati simunapatsidwe kopi yake, ulendo wotsatira mukaipemphe, ndi yanu.

Pa pepalalo muyang'ane zinthu zitatu. Choyamba, alemba typical carcinoid kapena atypical carcinoid? Mawu awiriwa amangosiyana chilembo chimodzi koma khalidwe la zotupazi ndi losiyana kwambiri. Woyezayo amawerenga maselo amene akugawikana pa kamalo ka 2 mm², akapeza osakwana 2 ndipo palibe malo amene maselo afa, imeneyo ndi typical, yoyenda pang'onopang'ono. Akapeza kuyambira 2 mpaka 10, kapena pali malo akufa aja amati necrosis, imeneyo ndi atypical, yachanguko. Chachiwiri ndi ma lymph node, timatupsya tija timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, m'chifuwa namonso timakhalamo ndipo dokotala wa opaleshoni amachotsako tingapo kuti tikayezedwe. N0 ndiye kuti munalibe kanthu, N1 kapena N2 ndiye kuti chotupa chinafikamo. Chachitatu ndi m'mphepete mmene anadulamo, akalemba kuti margins clear kapena R0 ndiye kuti sanasiyeko kanthu.

Ndikukakamira pa pepalali chifukwa cha manambala awa. Chipatala cha khansa cha Memorial Sloan Kettering ku New York chinaunika odwala ake oposa 300 amene anachotsedwa carcinoid ya m'mapapo, zotsatira zinatuluka mu 2013. Mwa a typical, matenda anabwerera kwa anthu pafupifupi 3 pa 100 aliwonse. Mwa a atypical anabwerera kwa munthu mmodzi pa anayi. Mukuona kusiyana kwake eti? Munthu wa typical, N0, wodulidwa bwino, mwayi woti wachira ndithu ndi waukulu zedi ndipo kumupanga sikani miyezi itatu iliyonse ndi kungomusaukitsa basi. Koma wa atypical, kapena amene ma node anagwidwa, ameneyo timamuyang'anira pafupi.

Koma pali china chimene chimapusitsa anthu ambiri, ngakhale ife ogwira ntchito zachipatala. Tinazolowera kuti khansa ikapanda kubwerera zaka 5 timati basi yatha. Carcinoid siitero. Chifukwa choti imakula mochedwa, kambewu kamene kanathawa opaleshoni isanachitike kakhoza kukhala chete zaka 8, 10, olo kupitirira, kenako nkudzaonekera. Nde chimene ndimachiopa ine si munthu kudumphitsa sikani imodzi, koma banja kuthira ndalama zonse pa masikani a zaka ziwiri zoyambirira, kutopa, kuona kuti zonse zili bwino, nkusiyiratu pa nthawi imene kuyang'anira kukufunikabe. Ulendo wake ndi wautali, mphamvu ndi ndalama muzigawe molingana ndi kutalikako.

Mabungwe a akatswiri nawonso sanenera pamodzi ndendende, ndipo ndi bwino mudziwe zimenezi kuti musadabwe madokotala awiri akakuuzani zosiyanako. Bungwe la ku Ulaya la zotupa za mtunduwu, ENETS, mu malangizo ake a 2015 linati wa typical apange CT pa miyezi 3 ndi 6, kenako kamodzi pachaka kwa zaka 2, zikatero CT izibwera zaka zitatu zilizonse ndi X-ray pakati. Wa atypical, CT pa miyezi 3, kenako miyezi 6 iliyonse kwa zaka 5, zikatha kamodzi pachaka. A ku America a NCCN amati sikani yoyamba ichitike pakati pa miyezi 3 ndi 12 opaleshoni itachitika, kenako chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse mpaka zaka 10. ESMO ya ku Ulaya mu 2021 inati kuyang'anira kukhale kwa moyo wonse. Amasiyana pa kuchuluka kwa masikani, koma onse akugwirizana kuti atypical ionedwe pafupipafupi ndipo kuti asamatulutsidwe msanga munthu.

Tsono kwa banja ngati lanu lolipira kuchokera m'thumba, maganizo anga ndi awa, ndipo mukakambirane ndi dokotala amene anawachita opaleshoni chifukwa iye anaona mkatimo ndi maso ake. Ngati pepala likuti typical, N0, margins clear, pangani CT imodzi panopa ngati simunapange chichitikireni opaleshoni, ina pakatha chaka, ina chaka chinacho, kenako zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse mpaka zikwane 10, pamenepo mudzakambiranenso. Mukawerenga mupeza kuti ndi masikani asanu kapena asanu ndi imodzi pa zaka 10 zonse, chinthu choti banja likhoza kusungira pang'onopang'ono. Ngati ndi atypical kapena ma node anagwidwa, pamenepo sindingakuchepetsereni, miyezi 6 iliyonse makamaka zaka zoyambazi, ndalama zikavuta kwenikweni isapitirire chaka osapanga. Ndipo mukapeza kuti pepala silikunena carcinoid koma large cell neuroendocrine carcinoma kapena small cell, zonse ndanenazi zisiyeni, amenewo ndi matenda ena othamanga ofuna chemo ndi masikani apafupipafupi, pitani kwa dokotala wa khansa sabata yomweyo. Koma poti anakuuzani kuti chemo sikufunika, zikuoneka kuti zanu si zimenezo.

Sikani yoyamba ija musaiphonye olo abambo akumva bwino chotani. Ntchito yake yaikulu si kusaka matenda ayi, ndi kujambula mmene chifuwa chakhalira opaleshoni itatha. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, chimodzi chikachoka zotsalazo zimafutukuka kudzaza malo, pamakhala chipsera, pamakhala mzere wa timawaya timene anatsekera, nthawi zina timadzi pang'ono. Zonsezi pa chithunzi zimaoneka ngati kanthu. Wowerenga sikani ya 2030 akakhala ndi chithunzi choyambachi amangoyerekeza nkunena kuti aa, ichi chinalipo kale ndipo sichinakule, nkhani yatha. Akapanda kukhala nacho amayamba kukayikira, amalemba kuti mubwerenso pakatha miyezi itatu, inu ndalama ina, mtima m'mwamba.

Nkhani ya chiwindi ndiyo ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ndi pamene X-ray imagwera. Carcinoid ikabwerera, kawirikawiri siibwerera pa malo pamene anadula, imakatulukira kutali, makamaka m'chiwindi ndi m'mafupa. X-ray ya pachifuwa siiona chiwindi nkomwe, ndipo ngakhale m'mapapo momwemo timatupa tating'ono kapena ma node apakati pa chifuwa imatiphonya. Nde munthu akhoza kumajambulitsa X-ray chaka ndi chaka, kumauzidwa kuti zili bwino, pamene m'mimba zikuchitika zina. Pa fomu yopempha sikani onetsetsani kuti alemba chifuwa ndi mimba yakumtunda, chiwindi chonse chilowemo, ndi mankhwala obaya pamkono aja amati contrast, ndipo alembe kuti multiphase. Tanthauzo lake ndi loti amajambula chiwindi kangapo pamene mankhwalawo akudutsa, chifukwa zotupa za mtundu uwu zili ndi mitsempha yambiri ya magazi, zimawala kamphindi kochepa koyambirira kenako nkufanana ndi chiwindi chonse, ukajambula mochedwa kamodzi kokha suziona. Kupanga chifuwa ndi chiwindi ulendo umodzi kumathandizanso thumba kusiyana ndi kubwera kawiri. Ultrasound ya chiwindi ndi yotchipa ndipo ilibe ma radiation, ikhoza kuthandiza pa zaka zapakati zimene mulibe CT, koma tating'ono imatha kutiphonya, nde isalowe m'malo mwa CT mpaka kalekale.

Za contrast ndingonena mwachidule. Asanabaye amafuna kuyeza magazi a impso, creatinine. Muwauze ngati abambo ali ndi shuga ndipo amamwa metformin, ngati ali ndi vuto la impso, kapena ngati anatupapo kapena kubanika atabayidwa kale. Akamabaya thupi limatentha, mkamwa mumamveka ngati chitsulo, ena amamva ngati akodzedwa, zimatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Akatuluka amwe madzi ambiri.

Tibwere kwa alamu anu. Sakunama kuti PET ilipo ndipo ndi yamphamvu, cholinga chawo ndi chabwino, koma PET ili mitundu iwiri ndipo anthu amaisokoneza. Yodziwika kwambiri ndi ya FDG, imene amabaya shuga wowala kuti aone maselo odya shuga wambiri. Typical carcinoid siidya shuga mwadyera choncho, nde nthawi zambiri siiwala bwino, mukhoza kulipira ulendo wonse nkubwera ndi chithunzi chosathandiza. Yoyenera matendawa ndi ya gallium-68 DOTATATE, mankhwala ake amakakamira pa timalo tina pamwamba pa maselo a carcinoid totchedwa somatostatin receptor. Ku South Africa imapangidwa ndithu, ku Pretoria, Johannesburg ndi Cape Town. Mankhwalawo mphamvu yake imatsika ndi theka pa mphindi 68 zilizonse, nchifukwa chake sangatumizidwe pa basi, munthu ndi amene amapita komwe akupangidwa. Koma ntchito yake si yoyang'anira munthu amene ali bwino chaka ndi chaka. Timaifuna CT ikaonetsa chinthu chokayikitsa ndipo tikufuna kudziwa ngati ndi carcinoid, kapena matenda akabwerera ndipo tikufuna kuona pamene afika ndi mankhwala amene angagwire. Kwa a atypical madokotala ena amaipempha kamodzi chaka chikatha. Komanso si chilichonse chowala pa PET chimene chili khansa, kapamba ndi impso zimawala mwa aliyense, ndipo malo otupa, kuphatikizapo a TB, amathanso kuwala. Nde alamuwo muwauze kuti thandizo lawo likufunika kwambiri, koma ndalama ya ulendo umodzi wa PET ikhoza kulipira ma CT a zaka zingapo, asunge ya PET kuti idzagwire ntchito tsiku limene dokotala adzaipemphe.

Pali chifukwa chinanso chosachulutsira masikani, ma radiation. CT imodzi ya pachifuwa imapereka pafupifupi 7 mSv (muyeso wa ma radiation), pamene munthu aliyense amalandira pakati pa 2 ndi 3 mSv pachaka kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga, X-ray ya pachifuwa ndi 0.1 chabe. Mukawonjezera chiwindi chojambulidwa kangapo nambala imakwera. Sikani imodzi siyoopsa ndipo musaithawe, koma abambo ali ndi zaka 44, zaka zoyang'aniridwa zili patsogolo ndi zambiri, nde timawerengera zonse pamodzi. Nchifukwa chake kwa achinyamata nthawi zina timasankha CT ya mphamvu yochepa pachifuwa ndi MRI pachiwindi, poti MRI ilibe ma radiation ndipo chiwindi imachiona bwino kwambiri, vuto lake mtengo.

China chimene mabuku a ku Ulaya sachilabadira koma kuno chimatipeza tsiku ndi tsiku: kadontho pa sikani sikatanthauza kuti chotupa chabwerera. Anthu athu ambiri ali ndi zipsera za TB yakale, ena anagwira ntchito m'migodi ndipo fumbi la miyala linasiya timadontho m'mapapo, ena ali ndi HIV ndipo matenda ena a m'chifuwa amabwera. Lipoti likanena kuti pali nodule, kadontho kaja, musayambe kulira usiku wonse. Njira yake ndi kuyerekeza ndi sikani yakale, kuyeza makhololo pa GeneXpert ngati akukhosomola, ndipo kambiri kungobwereza sikani pakapita miyezi kuti tione ngati kakukula. Koma mbali inayo musaiwale, abambo anataya kale miyezi 6 akumwa mankhwala a matenda amene analibe. Wina akadzafuna kuwayambitsanso mankhwala a TB chifukwa cha chithunzi chokha popanda makhololo kutsimikiza, munene momveka kuti munthuyu anachotsedwa carcinoid, ndipo muonetse pepala lija.

Apa ndiye mpamene ndikupemphani chinthu chosalira ndalama. Sikani iliyonse mutenge disiki yake kapena muikopere pa flash, osati lipoti lolembedwa lokha, chifukwa wowerenga wotsatira amafuna zithunzi zenizeni. Mapepala onse, histology, kalata ya opaleshoni, malipoti, muwajambule pa foni ndipo mutumizire m'bale mmodzi pa WhatsApp kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Ife anthu a kuno timayenda, chaka chino sikani mupanga ku chipatala cha Parirenyatwa, china kwa a private ku Avenues, mwina zaka zisanu zikubwerazi mudzakhala mutabwerera kumudzi kudzera pa Nyamapanda ndi Mwanza ndipo abambo azidzaonedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Makompyuta a zipatala zimenezi salumikizana, mbiri ya abambo imayenda ndi inu mu chikwama. Zikatheka muzipanga malo amodzi kuti kuyerekeza kusavute.

Magazi ena mudzamva akutchulidwa ndi chromogranin A. Ine sindiudalira kwambiri pa carcinoid ya m'mapapo, umakwera chifukwa cha zinthu zina, makamaka omeprazole amene anthu ambiri amamwa chifukwa cha zilonda za m'mimba, komanso impso zikafooka, ndipo ukhoza kukhala bwinobwino matenda alipo. Ndalama ikakhala ya chinthu chimodzi, isankheni CT. Mkodzo wa maola 24 wa 5-HIAA ndi wa okhawo amene ali ndi zizindikiro za kutentha nkhope ndi kutsegula m'mimba, ndipo masiku angapo asanayeze amasiya nthochi, mapeyala, chinanazi ndi tomato chifukwa zimasokoneza zotsatira. Bronchoscopy, kulowetsa kachubu ka kamera m'njira ya mpweya, imafunika makamaka ngati chotupa chinali pakati pafupi ndi njira yaikulu kapena anadula moyandikira kwambiri, funsani wa opaleshoni ngati abambo ali m'gulu limenelo, poti kukhosomola magazi kuja kukusonyeza kuti mwina chinali m'njiramo.

Ndipo musadikire tsiku la sikani ngati thupi layamba kulankhula. Mu kafukufuku wa ku New York uja ambiri amene matenda anabwerera sanagwidwe ndi sikani ya pa kalenda, nde zizindikiro musazipeputse. Kukhosomola kwatsopano kopitirira masabata atatu, magazi olo pang'ono, kulira m'chifuwa mbali imodzi, chibayo chobwerezabwereza, kuonda popanda chifukwa, kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, kupweteka kwa msana kapena fupa kosasiya makamaka usiku, pitani. Nkhope kumatentha mwadzidzidzi pamodzi ndi kutsegula m'mimba kwa masabata, pitani. Palinso zina zimene anthu saziganizira kuti zikukhudzana ndi mapapo, nkhope kuzungulira ndi kunenepa mimba pamene miyendo ikuwonda ndi kufooka, BP ndi shuga kukwera mwadzidzidzi, chifukwa carcinoid ina imatulutsa ma hormone. Ndipo ngati kubanja kwa abambo kuli anthu angapo a miyala ya mu impso, calcium wokwera kapena zotupa za m'matumbo ndi m'mutu, muuzeni dokotala, pali matenda akumtundu otchedwa MEN1 amene ochepa mwa odwalawa amakhala nawo.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga tikachipeza chabwerera, phindu lake nchiyani, si kungodziwa tsoka msanga? Ayi mayi, matenda awa si otero. Kachotupa kamodzi kapena tiwiri m'chiwindi kakhoza kuchotsedwa kapena kuwotchedwa kakadali kakang'ono. Pali jakisoni wa mwezi ndi mwezi, octreotide kapena lanreotide, pali mapiritsi a everolimus, palinso mankhwala a lutetium-177 amene amaperekedwa ku South Africa kwa amene PET ya gallium ija yaonetsa kuti angagwire. Anthu amakhala zaka zambiri akugwira ntchito ngakhale matenda atabwerera, makamaka akapezeka asanafalikire.

Pa nkhani ya ndalama, pemphani kalata yoti abambo azionedwa ku kiliniki ya khansa ku Parirenyatwa kuti akhale ndi fayilo ndi dokotala wowatsata, ndipo mukafikenso ku Cancer Association of Zimbabwe pa Livingstone Avenue, amapereka uphungu kwa odwala ndi mabanja awo. Mitengo ya sikani imasiyana malo ndi malo, imbani mafoni awiri atatu musanalipire, ndipo mufunse ngati contrast ndi lipoti zili mu mtengo womwewo. Poti miyezi 7 yadutsa kale, sikani yoyamba ija ikonzeni m'miyezi iwiri ikubwerayi. Mukapeza pepala la histology mundilembere mizere itatu ija, typical kapena atypical, N ndi nambala yake, ndi zimene alemba pa margins, tidzawerengere limodzi zaka zimene sikani iliyonse igwere.